Odwazika Matenda ku Lifuwu

Dera la Lifuwu, lomwe lili m'mphepete mwa nyanja m'boma la Salima, limadziwika ndi ulimi wa mpunga, siteshoni ya boma yofufuza za mbewuyi komanso usodzi wa usipa, koma kulinso ntchito ina yopanda malipiro imene mabanja ambiri amaidalira, ndiyo yodwazika matenda. Wodwazika ndi munthu amene amakhala pambali pa wodwala usana ndi usiku, kumusambitsa, kumuphikira phala, kumuchapira zofunda, kumutembenuza pamphasa kuti asatuluke zilonda, ndiponso kumukumbutsa nthawi yomwera mankhwala.

Oyamba pa ntchitoyi ndi achibale, makamaka amayi, azakhali ndi ana aakazi. Matenda akakula ndipo wodwala akatumizidwa kuchokera ku chipatala chaching'ono cha Lifuwu kupita ku chipatala chachikulu cha Salima, mmodzi wa iwo amatsagana naye monga gadiyani, atasenza ufa, mbaula kapena nkhuni, mapoto ndi ndowa, chifukwa m'zipatala za m'Malawi anamwino ndi ochepa poyerekeza ndi odwala, kotero kudyetsa ndi kusambitsa kumatsalira abale.

Pambuyo pa achibale pamabwera magulu a mipingo, ndipo apa ndi pamene chiphunzitso cha Chikhristu chokonda mnansi chimasanduka ntchito ya manja. Amayi a Chigwirizano mu Sinodi ya Nkhoma ya CCAP, a Dorika mu mpingo wa Seventh-day Adventist, amene dzina lawo linachokera kwa Dorika wa ku Yopa wosokera akazi amasiye zovala mu Machitidwe a Atumwi, pamodzi ndi Akatolika a m'miphakati, yomwe ndi timagulu ta mabanja oyandikana opempherera pamodzi, ali ndi mwambo woyendera odwala. Ulendo wotere suthera pa nyimbo ndi pemphero. Amayiwa amasonkha ufa, sopo ndi shuga, amatunga madzi kumjigo, amasesa pabwalo, ndipo nthawi zina amakalimira munda wa wodwalayo. Popeza kunyanja kuno Akhristu ndi Asilamu amakhala moyandikana ndiponso amakwatirana, wothandizidwa sakhala wa mpingo womwewo nthawi zonse.

Mliri wa Edzi ndiwo unapatsa ntchitoyi dongosolo. M'zaka za m'ma 1990, zipatala zitadzaza, mipingo ndi mabungwe anayamba kuphunzitsa anthu odzipereka, otchedwa mavolontiya, kusamalira odwala m'makomo mwawo. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ambiri amene anali chigonere anadzuka, ndipo ntchito ya mavolontiya inasintha: inakhala yolondola amene asiya kumwa mankhwala, yothandizana ndi alangizi a zaumoyo, ndi yosamalira okalamba, opuwala ziwalo ndi odwala khansa. Mu 2007 namwino Lucy Finch anatsegula malo a Ndi Moyo m'tauni ya Salima, operekera chisamaliro chochepetsa ululu kwa odwala matenda osachiritsika, kuphatikizapo mankhwala amadzi a morphine, amene wodwazika amayenera kuyeza mosamala ndi kumwetsa pa maola ake.

Chimene olemba za chifundo kawirikawiri amachidumpha ndi mtengo umene wodwazika amalipira. Kuyambira Januwale mpaka Malichi, pamene malungo ndi matenda otsekula m'mimba amachuluka chifukwa cha mvula, ndi pamenenso mpunga umafuna kuwokeredwa ndi kupaliridwa, nkhokwe nazo zili zopanda kanthu. Mayi amene wakhala masabata angapo kuchipatala amapeza mbande zake zitakalamba pa nazale, ndipo wogulitsa nsomba amataya msika, chifukwa usipa woyanikidwa pathandala sudikira munthu. Kutayika kumeneku sikulembedwa m'kaundula wa mpingo kapena wa chipatala, ndipo kumaonekera mu Meyi ndi Juni, matumba a mpunga akamawerengedwa pakhomo.