Galoni ndi Lita, Mailosi ndi Makilomita: Kalembedwe ka Buku la Thirakitala ndi Lole

Alimi ndi matenanti nonse, thirakitala kapena lole iliyonse ya pa esiteti kapena ya kalabu iyenera kukhala ndi buku lake. M'bukumo dalaivala amalemba dizilo amene wathira, mtunda umene wayenda, maola amene injini yagwira ntchito, ndi zimene mawotchi a injini akusonyeza. Pakutha pa nyengo, kalaliki amatenga manambala omwewo powerengera ndalama zimene adule pa mbewu zanu chifukwa cholimiridwa munda kapena kunyamuliridwa mabelo. Tsono nambala yolembedwa popanda muyeso wake ingathe kukudyerani ndalama, ingathenso kupha injini.

Vuto ndi lakuti makina athu sanachokere kumodzi. Mathirakitala akale monga Massey Ferguson 135, imene inayamba kupangidwa mu 1964, ali ndi mabuku onena za magaloni ndi mapainti. Galimoto zambiri zochokera ku Britain ndi ku America zimawerenga mailosi. Koma za ku Japan zimawerenga makilomita, ndipo pa malo omwetsera mafuta amagulitsa pa lita.

Za mafuta

Magaloni alipo a mitundu iwiri. Galoni ya ku Britain ndi malita 4.55, pamene ya ku America ndi malita 3.79. Choncho buku la thirakitala likatchula galoni, yambani mwaona dziko limene bukulo linalembedwa.

Tiyerekeze kuti buku likunena kuti injini imadya magaloni 2 pa ola. Ngati ndi galoni ya ku America, amenewo ndi malita 7.6. Kalaliki akawerengera ndi galoni ya ku Britain adzapeza malita 9.1. Pa tsiku la maola 8 kusiyana kwake ndi malita 12, amene tenanti alipira koma sanalowe mu injini. Zikatembenuka, kuti galoni ya m'buku ndi ya ku Britain koma kalaliki wawerengera ya ku America, dalaivala ndiye amanenedwa kuti waba mafuta asanabe.

Mgolo wa malita 200 ndi magaloni 44 a ku Britain. Painti imodzi ya ku Britain ndi malita 0.57. Chenjeraninso ndi chizolowezi chotcha chigubu chilichonse kuti galoni. Chigubu cha malita 5 si galoni. Lembani malita ake enieni.

Za mtunda

Mailo imodzi ndi makilomita 1.6. Njira yapafupi ndi kukumbukira kuti mailosi 5 ndi makilomita 8. Motero mailosi 50 ndi makilomita 80, ndipo makilomita 160 ndi mailosi 100.

Apa ndi pamene injini zambiri zimaonongekera. Tinene kuti makaniko wakuuzani kuti musinthe oyilo mukayenda makilomita 5,000, koma wotchi ya lole yanu imawerenga mailosi. Mukadikira kuti wotchiyo ikwane 5,000, mudzakhala mutayenda makilomita 8,000 ndi oyilo wakutha mphamvu. Pa wotchi yotere sinthani ikawonjezera mailosi 3,100.

Thirakitala siiwerenga mtunda koma maola, ndipo ola ndi limodzimodzi kulikonse. Koma samalani ndi kukula kwa munda. Hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka, kotero maekala 10 ndi mahekitala 4. Musanavomere mtengo wolimitsira, funsani ngati ndi wa pa ekala kapena wa pa hekitala, ndipo zilembedwe.

Za kutentha kwa injini

Yang'anani chilembo chimene chili pa wotchi ya kutentha. Chikakhala C ndi madigiri a Celsius. Chikakhala F ndi a Fahrenheit. Pofuna kusintha F kukhala C, chotsani 32, chulukitsani ndi 5, kenaka gawani ndi 9. Mwachitsanzo, 185 kuchotsa 32 ndi 153. Kuchulukitsa ndi 5 ndi 765. Kugawa ndi 9 ndi 85. Ndiye kuti 185 F ndi 85 C.

Injini zambiri za dizilo zimagwira bwino ntchito pakati pa 80 C ndi 95 C, ndiko kuti pakati pa 176 F ndi 203 F. Dalaivala akangolemba kuti 100, makaniko sangadziwe chochita. 100 F ndi 38 C chabe, injini isanatenthe n'komwe, pamene 100 C ndi 212 F, ndipo pamenepo muyenera kuima ndi kuona chimene chavuta.

Za mphamvu ya oyilo ndi mphepo ya m'matayala

Mawotchi ena amalemba psi, ena bar, ena kPa. Bar imodzi ndi 14.5 psi, ndiponso ndi 100 kPa. Choncho 40 psi ndi 2.8 bar, ndipo tayala lofuna 30 psi lifuna 2.1 bar kapena 207 kPa. Wotchi ya bar ikasonyeza 3, pa injini zambiri palibe chodetsa nkhawa. Koma ya psi ikasonyeza 3, zimitsani injini nthawi yomweyo, chifukwa oyilo sakufika m'zitsulo.

Malole atsopano ali ndi kompyuta imene imasunga yokha manambala onsewa. Makina amene makaniko amawerengera manambalawo angathe kutcheredwa pa miyeso ya mtundu uliwonse. Muuzeni makaniko alembe muyeso pambali pa nambala iliyonse imene akukupatsani.

Musaganize kuti olakwitsa ndi osaphunzira okha. Pa 23 July 1983 ndege ya Air Canada ya mtundu wa Boeing 767 inatha mafuta ili m'mwamba. Powerengera mafuta anagwiritsa ntchito mapaundi m'malo mwa makilogalamu, ndipo paundi imodzi siikwana theka la kilogalamu. Oyendetsa anaitsitsa pa bwalo lakale la ndege ku Gimli, m'dziko la Canada, injini zonse ziwiri zitazima. Mwamwayi palibe anafa.

Zoyenera kuchita

1. Pa tsamba loyamba la buku lembani muyeso umene wotchi iliyonse ya makinawo imasonyeza.

2. Buku lonse likhale la malita, makilomita, madigiri a C ndi mahekitala.

3. Wotchi ikakhala ya mailosi, F kapena psi, lembani nambala monga mwaionera pamodzi ndi muyeso wake, ndipo yosinthidwayo ikhale mu mzere wotsatira. Mukatero cholakwa chimapezeka msanga.

4. Musalembe nambala yopanda muyeso. Lembani "malita 40", osati "40" yekha.

5. Inu matenanti, thirakitala ikatha kulima munda wanu, pemphani kuona zimene zalembedwa musanasaine, ndipo koperani manambalawo m'kope lanu.

Koperani miyeso ili pamwambayi pa kapepala kolimba ndi kukamata mkati mwa chikuto cha buku. Ngati pali wotchi imene simukuimvetsa, musayerekeze. Funsani makaniko kapena mlangizi wa m'dera lanu nyengo yolima isanayambe.