Kamera ya kaunjika: zoti muone musanatulutse ndalama

Mapeto a sabata nyengo yokolola ikatha, kuyambira pa Makawa kudutsa Nkope mpaka ku Monkey Bay, sipalephera chinkhoswe kapena ukwati, wina wa kutchalitchi wina wa kumzikiti. Pa mwambo uliwonse pamapezeka mnyamata, masiku ano nthawi zina mtsikana, atakoleka kamera m'khosi, akuthamanga uku ndi uku kuti asaphonye perekaniperekani. Ambiri mwa makamera amenewa sanagulidwe atsopano. Anabwera m'zikwama za abale ochokera ku Joni, kumene achinyamata ambiri a m'boma la Mangochi amakasaka maganyu, ena anapezeka pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kamera yatsopano inangokhala yoyang'ana pagalasi la sitolo, ndipo woyamba kumene ntchitoyi anatsala ndi kaunjika basi.

Kaunjika wa makamera ali ndi zabwino zake. Canon ndi Nikon anapanga makamera ambirimbiri a ophunzira pakati pa 2010 ndi 2014, ndipo ochuluka akugwirabe ntchito bwinobwino. Canon 600D ya mu 2011 ili ndi ma megapixel 18, sikirini yotembenuka komanso polowetsa maikolofoni, zomwe zimathandiza amene akufuna kujambulanso vidiyo. Nikon D3200 ya mu 2012 ili ndi ma megapixel 24. Zotsikirapo mtengo ndi Nikon D3100 ya mu 2010 ndi Canon 1100D ya mu 2011, ngakhale vidiyo ya yachiwiriyi ndi yofooka. Timakamera ting'onoting'ono ta m'thumba takale tija musatayirepo ndalama. Foni yabwino ya lero imatiposa.

Wogulitsa amakonda kuyamba ndi ma megapixel chifukwa ndi nambala yokoma kutchula. Koma chithunzi chimene mkwatibwi akachipachike pabalaza chimatuluka bwino ngakhale ndi ma megapixel 12 a 1100D. Chimene chimapha kamera m'mphepete mwa nyanja muno ndi mchenga, fumbi la mwera ndi chinyontho cha dzinja, ndipo pamenepa mpomwe wogula ayenera kuchedwapo.

Yambani ndi lenzi. Ichotseni pakamera, muunike mkati mwake ndi tochi ya foni. Tifumbi tochepa si nkhani. Mukaona timizere toyera tofalikira ngati ukonde wa kangaude, imeneyo ndi nkhungu yomera pagalasi, ndipo ikakhalitsa imadya utoto wa galasilo mosabwezeka. Lenzi yotero isiyeni, ngakhale mwini wake atsitse mtengo motani. Kenako zungulitsani mphete ya zumu pang'onopang'ono khutu lili pafupi. Ikamalira kwerekwere, mchenga unalowa kale. Ibwezereni pakamera, muloze chinthu chapafupi, kenako bwato lakutali, muone ngati ikugwira yokha msanga popanda kusakasaka.

Chachiwiri ndi sensa, kachipangizo kolandira kuwala mkatimo. Ikani kamera pa Av ngati ndi Canon kapena pa A ngati ndi Nikon, mukweze nambala ifike f/22, mujambule thambo loyera kapena chipupa cha laimu. Mukachikulitsa chithunzicho pasikirini, madontho a fumbi aonekera. Awiri atatu amapukutika. Mzere wodutsa chithunzi chonse pa zithunzi zonse ndi matenda oti sangachizike pa msika wa Nkope ngakhale kuboma.

Palinso shata, kachitseko kotseguka ndi kutseka nthawi iliyonse mukadina. Ili ndi moyo wake monga injini ya boti. Pa makamera a msinkhu uwu opanga amayerekeza kuti imafika pafupifupi maulendo 100,000, ina imapyola, ina imafa isanafike. Nikon imalemba nambalayi mkati mwa chithunzi chilichonse, moti mukhoza kuiwerenga potumiza chithunzi chochokera m'khadi ku masamba a pa intaneti owerenga zimenezi. Chodutsa pa WhatsApp sichithandiza chifukwa zolembedwazo zimafufutika. Makamera a Canon a msinkhu uwu amafuna kulumikizidwa ku kompyuta. Zikakanika, thupi la kamera limaulula lokha: labala yomatuka pogwirira, zilembo zofufutika pamabatani, zomangira zoonetsa kuti wina anatsegulapo. Kamera imene inali ya mlendo wongojambula patchuthi imasiyana kutali ndi imene yazungulira maukwati zaka zisanu.

Za batire anthu amazinyozera, chikhalirecho ndi zimene zimachititsa manyazi pakati pa mwambo. Canon 600D imadya LP-E8, 1100D imadya LP-E10, pomwe Nikon D3100 ndi D3200 zimagwiritsa ntchito EN-EL14. Funsani ngati chaja ilipo, ndipo musungiretu ndalama ya batire yachiwiri, poti magetsi akhoza kuzima usiku woti kukacha kuli ukwati. Khadi la memori bwerani ndi lanu poyesa kamera, ndipo muligule pamalo odalirika chifukwa achinyengo ndi ambiri, olembedwa 64GB koma otaya zithunzi akangodzaza pang'ono.

Lenzi ya 18-55mm yobwera ndi kamera imakwanira kuphunzirira, ndipo masana a kunyanja kuno kuwala sikusowa. Vuto limadza mkati mwa tchalitchi kapena mumzikiti. Ndalama ikapezeka, 50mm f/1.8 ndiyo yoyamba kuonjezera. Imaona mumdima ndipo imasungunula za kumbuyo kwa munthu mokongola. A Nikon asamale apa: D3100 ndi D3200 zilibe injini yoyendetsa lenzi m'thupi mwake, choncho zimafuna lenzi yolembedwa AF-S. Yakale ya AF-D imalowa ndithu, koma mudzaizungulitsa nokha ndi dzanja kuti igwire, mkwati akuvina.

Pa malipiro, kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba musanaigwire kamera ndi kutchova juga. Kuli bwino kulipira minibasi mpaka ku Mangochi boma, ngakhale ku Limbe kumene, mukakumane ndi wogulitsa masana pamalo a anthu, mutatenga mnzanu wodziwa. Nambala yolembedwa kunsi kwa kamera ikhale yowerengeka, ndipo mulemberane kapepala kosonyeza nambalayo, mtengo ndi tsiku. Dera lino lili ndi malo ogona alendo ambiri, kuchokera ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear, ndipo kamera yodula yogulitsidwa mothamanga, yopanda chaja, pamtengo wa mbuzi imodzi, ikhoza kukufikitsani kupolisi pa mlandu wolandira katundu wakuba.

Mukafika nayo kunyumba, musaisunge m'chikwama chake nyengo yonse ya mvula. Ikani m'chigubu chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyontho topezeka m'mabokosi a nsapato, ndipo lenzi musamaisinthire pamchenga mwera ukuomba.