Kool si amene ankaimba "Celebration"

Nyimbo ya "Celebration" ya gulu la Kool & the Gang ikalira pa ukwati, ambiri amaganiza kuti mawu osalala aja ndi a Kool, ndipo Gang ndi anyamata omuimbira zida kumbuyo. Sitingawanene, poti dzina lake ndi limene lili patsogolo. Koma Robert Bell, yemwe amadziwika kuti Kool, ntchito yake ndi gitala ya besi. Mwini mawu aja ndi James "J.T." Taylor, yemwe adalowa m'gululi mu 1979, anzakewo atakhala kale limodzi zaka 15.

Ena amati gululi lidabadwira m'nyengo ya disiko. Ayi ndithu. Lidayamba mu 1964 ku Jersey City, m'chigawo cha New Jersey ku America, lili kagulu ka anyamata asanu ndi awiri odzitcha Jazziacs. Mtima wawo unali pa jazi. Kool ndi mng'ono wake Ronald adakulira m'banja lodziwana ndi akatswiri a jazi, chifukwa bambo awo, omwe ankasewera nkhonya, anali pa ubwenzi ndi Thelonious Monk. Chimbale chawo choyamba, cha mu 1969, ndi cha zida pafupifupi chonse. Ngakhale pa "Jungle Boogie" ndi "Hollywood Swinging", zonse za m'chimbale cha Wild and Peaceful cha mu 1973, ntchito yaikulu ikugwiridwa ndi malipenga, besi ndi ng'oma za George Brown. Mawu amangobwera mokuwa ndi movomerezana, ngati anthu olima dima. Kwa ine, apa ndi pamene gululi linkamveka kukoma kwake kwenikweni.

Disiko itafika, zinthu sizidawayendere. Nyimbo yawo ya "Open Sesame" idalowa m'chimbale cha filimu ya Saturday Night Fever mu 1977, koma zimbale zawozawo zidayamba kuvuta malonda. Ndiye adaitana Taylor, natenganso Eumir Deodato wa ku Brazil kuti aziwongolera kajambulidwe. Malipenga adachepetsedwa, mawu nkuikidwa patsogolo. Zotsatira zake ndi "Ladies' Night", "Get Down on It", "Joanna" ndi "Cherish". Okonda funk yolimba adadandaula kuti gulu lafewa, ndipo sankanama, komabe besi ya Kool idakali yomweyo kwa amene angatchere khutu.

Nayo "Celebration" siidachokere m'bala monga ambiri angaganizire. Ronald Bell, yemwe adalowa Chisilamu natenga dzina loti Khalis Bayyan, adafotokoza kuti ganizo lake lidamufikira akuwerenga Korani. Idatuluka mu 1980, nifika pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard Hot 100 kumayambiriro kwa 1981, nthawi yomwe anthu a ku America amene adagwidwa ukapolo ku Iran ankalandiridwa kwawo.

Taylor atachoka mu 1988, ambiri adayesa kuti zatha. Koma oimba hip hop anali atayamba kale kutapa m'zimbale zakale zija, zodalira kwambiri zida. "Summertime" ya DJ Jazzy Jeff ndi Fresh Prince, ya mu 1991, idamangidwa pa "Summer Madness" ya mu 1974, ndipo filimu ya Pulp Fiction idadzutsanso "Jungle Boogie" mu 1994. Ulemu wa Rock and Roll Hall of Fame udachedwa kwambiri: udabwera mu 2024, oyambitsa gululi monga Ronald Bell, Dennis Thomas ndi George Brown atamwalira kale, mwa oyambitsawo atatsala Kool yekha.