Chisanu chilipo ku Lifidzi, chikusowa ndi bwalo la simenti

Mwezi wa Julaye ku Lifidzi dzuwa limatuluka koma limachedwa kufunditsa munthu. Ana opita kusukulu amayenda manja ali m'khwapa, milomo itang'ambika, ena atadzikulunga chitenje cha amayi awo pamwamba pa yunifolomu. Ukatsikira kudimba mbandakucha umapeza udzu wa m'dambo utayera mbee, masamba a mbatatesi atapsa ngati wina wawathira madzi owira. Anthu a ku Tete kapena ku Moatize, omwe amagona panja chifukwa cha kutentha, savomereza msanga kuti malo awiriwa ali m'chigawo chimodzi.

Tsiku lina lozizira choncho mwana wa mlongo wanga anandionetsa kanema pafoni. Anali anyamata a ku Canada atavala zisoti, akutsetsereka pa madzi oundana, ndodo zili m'manja, akulimbirana kanthu kakuda kaphwatalala. Funso lake linali lochokera pansi pa mtima: amalume, ndi kuzizira kwathu konseku, sitingakhale ndi bwalo ngati ili kusukulu?

Sindinamuseke, chifukwa funsolo lili ndi mutu. Ku Canada, nyengo yozizira ikafika, makolo ndi aphunzitsi amathira madzi pabwalo usiku, kukacha apeza aundana gwa, ndipo amakhala choncho milungu yambiri. Chisanu chathu nchosiyana. Chimagwa usiku, dzuwa likangokwera pang'ono chasungunuka. Kuti bwalo la ayezi likhalepo kwathu kuno pamafunika nyumba yotsekedwa bwino, pansi pake payalidwe mapaipi ambirimbiri mkati mwa konkire, ndipo m'mapaipimo muziyenda madzi osakaniza ndi mchere kapena mankhwala oletsa kuundana, oziziritsidwa ndi makina usana ndi usiku. Bwalo lathunthu ndi lotalika mamita 60, m'lifupi pafupifupi 30, ndipo ayezi wake amayenera kukhala pa madigiri asanu kunsi kwa ziro kapena chapomwepo. Magetsi akathima maola angapo, bwalo lasanduka thamanda. Kum'mawa kwa Africa, bwalo lodziwika lili mu hotela ya Panari ku Nairobi, komwe timu ya Kenya Ice Lions imaphunzirira, ndipo ndi laling'ono poyerekeza ndi la mpikisano. Nzoona kuti damu la Cahora Bassa, lomwe mphamvu yake ya magetsi imaposa ma megawati 2,000, lili m'chigawo chathu chomwechi. Koma sukulu imene ikufunafunabe madesiki ndi zimbudzi zokwanira singayambire pa makina oumitsa madzi.

Chimene chinandikhudza nchakuti mwanayo ankadziwa hockey wa ku Canada, koma sankadziwa kuti dziko lake lomwe la Mozambique lili ndi hockey wakewake, ndiponso kuti linatchuka naye dziko lonse lapansi. Pa Chipwitikizi amati hóquei em patins. Amasewera pa simenti yosalala kapena pa matabwa, atavala nsapato za matayala anayi, awiri kutsogolo awiri kumbuyo. Timu iliyonse imakhala ndi anthu asanu kuwerengera goloboyi, mpira wake ndi waung'ono ndi wolimba, wolemera pafupifupi magalamu 155, ndipo akuluakulu amasewera zigawo ziwiri za mphindi 25. Liwiro lake, kukhota kwake, phokoso la ndodo zikamagundana, zonse nzofanana ndi zimene mwanayo ankasirira pafoni paja. Kusiyana kwake nkwakuti pansi sipasungunuka.

Mbiri yake ndi yaitali. M'chaka cha 1958 osewera ochokera ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, anapita ku Montreux m'dziko la Switzerland kukaimira Portugal pa mpikisano wotchuka wa kumeneko, nabwerako ndi chikho. Mayina a Fernando Adrião, Francisco Velasco, Amadeu Bouçós ndi goloboyi Alberto Moreira akutchulidwabe ku Portugal, chifukwa anali m'timu imene inatenga chikho cha dziko lonse ku Madrid mu 1960. Tisabise, nthawi imeneyo masewerawa anali a m'makalabu a m'tauni ya atsamunda, ndipo mwana wa mlimi wa ku Angónia sakanaponda pabwalo lawo. Ufulu utabwera mu 1975 osewera ambiri anachoka, koma masewera sanafe. Makalabu monga Desportivo, Ferroviário ndi Estrela Vermelha a ku Maputo anawasunga m'zaka zovuta za nkhondo ndi umphawi. Ndiye mu 2011, mumzinda wa San Juan ku Argentina, timu ya Mozambique motsogozedwa ndi mphunzitsi Pedro Nunes inafika mu ndime ya matimu anayi omaliza pa chikho cha dziko lonse, nkuthera pa nambala 4, kumbuyo kwa Spain, Argentina ndi Portugal. Patapita zaka ziwiri, mu 2013, Angola inachititsa mpikisano womwewo ku Luanda ndi ku Namibe, koyamba pa nthaka ya Africa.

Nambala 4 pa dziko lonse! Timu yathu ya mpira wamiyendo, ma Mambas, sinafikeko nkomwe ku World Cup, koma mwana aliyense ku Ulongwe ndi ku Domwe amaidziwa. Za anyamata a ku San Juan ndi ochepa kuno anamvapo. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Ambiri mwa osewera aja ankasewera m'makalabu a ku Portugal, ndipo m'dziko muno masewerawa anakhazikika ku Maputo, komwe kuli kutali ndi ife kuposa Lilongwe, Blantyre ngakhale Lusaka. Mpira wamiyendo umangofuna chikulunga cha majumbo ndi miyala iwiri ya golo. Hockey wa matayala amafuna pansi posalala, ndipo kumudzi pansi posalala pamapezeka m'tchalitchi ndi m'kalasi basi.

Apa mpamene ndikuona kuti sukulu ingachitepo kanthu, ndipo ndalama yake siingalowe m'madzi. Bwalo la hóquei em patins ndi mamita 40 m'litali, 20 m'lifupi, lozunguliridwa ndi kampanda ka mita imodzi kuti mpira usamatuluke. Muyezo umenewu ndi womwewo wa bwalo la handball ndi la futsal, ndipo bwalo la basketball, la mamita 28 kwa 15, limakwana mkati mwake bwinobwino. Simenti imodzi, masewera anayi kapena asanu, komanso pochitira msonkhano wa makolo ndi poimirira ana m'mawa nthawi ya dzinja pamene bwalo lonse lili matope. Ndi malo okwana masikweya mita 800, omwe angadye matumba a simenti mazana angapo. Si ndalama yochepa, koma ndi ntchito imene amisiri athu omwe amamanga magolosale ndi nkhokwe za mbatatesi angaigwire, makolo atatuta mchenga ndi miyala monga amachitira pomanga makalasi. Lifidzi ndi malo amene ansembe a Chijezuiti anakhazikitsapo mishoni ya São Francisco Xavier zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo mwambo womanga sukulu pamodzi ndi anthu si wachilendo kuno. Cha ku Msaladzi m'boma la Tsangano kulinso sukulu yawo ya sekondale ya Inácio de Loyola. Kutakhala mabwalo awiri okha m'dera lino, mpikisano wayamba kale.

Mmisiri ayenera kuuzidwa zinthu ziwiri asanasakanize tope loyamba. Pamwamba pasalazidwe ndithu, chifukwa simenti yamanyamanya imadya matayala ndi kusupula mawondo a ana. Ndipo bwalo lipendekeke pang'ono kwambiri, mosaoneka ndi maso, kuti madzi a mvula azitsika okha. Ndiwonjezepo chachitatu, chomwe aliyense wokulira kumudzi achidziwa: simenti yoyera ikaonekera poyera, wina adzafuna kuyanikapo chimanga, wina kuimikapo lole yopakira mbatatesi. Chimanga sichiononga kanthu bola asese akamaliza. Lole ndiye ayi, imang'amba konkire tsiku limodzi.

Nanga mwana amayamba bwanji? Kumene masewerawa anazika mizu, monga ku Portugal, ana amayamba ali ndi zaka zinayi kapena zisanu, ndipo milungu yoyamba sagwira ndodo. Amayamba ndi kuphunzira kuima. Mawondo opinda, chifuwa chopendekera kutsogolo, mapazi otseguka ngati a bakha. Amayenda kaye pa udzu kapena pa mphasa pomwe matayala sathamanga, kenako amalowa pa simenti atagwira dzanja la mnzake. Phunziro lalikulu la tsiku loyamba ndi kugwa: kugwera kutsogolo pa mawondo ndi manja, osati chagada, chifukwa wogwa chagada amamenyetsa nkhongo. Akadziwa kugwa amaphunzira kudzuka, bondo limodzi pansi, manja onse pa bondo linalo. Kutsogolo kwa nsapato kuli kamphira kolimba komwe ndi buleki, ndipo ndi pomwe wosewera amadzikankhira akafuna kunyamuka mwaliwiro. Zonsezi zikalowa m'miyendo mpamene ndodo imabwera, ndipo ana amasewera atatuatatu pa kachigawo ka bwalo kuti aliyense aziukhudza mpira kawirikawiri. Mwana amene amakwapula nguli mpaka kulira pafumbi, kapena mtsikana wozinda mpira pa fulaye, diso ndi dzanja ali nazo kale.

Chovuta chenicheni ndi nsapato. Phazi la mwana limakula chaka ndi chaka, ndipo palibe kholo la ku Lifidzi limene lingagule nsapato za matayala pomwe thumba la feteleza likudikira. Nsapato zikhale za sukulu, za misinkhu yosiyanasiyana, zolembedwa manambala, ana azisinthana ngati mabuku. Mapeyala khumi angayambitse kalasi yonse ngati ena akuphunzira kumenya mpira ndi ndodo ali chapansi pamene anzawo akutsetsereka. Fumbi lathu la mu Okutobala limalowa m'ma bering'i a matayala, choncho pafunika munthu wozitsuka ndi kuthira mafuta, ndipo okonza njinga pamsika ntchito imeneyi saiphunzira kawiri.

Simenti isanafike, ndodo zikhoza kuyamba pa dothi. Hockey wa pabwalo wamba safuna matayala, ndipo anansi athu anaonetsa kale kumene angafikitse munthu. Amayi a ku Zimbabwe anatenga mendulo ya golide pa Olympics ya ku Moscow mu 1980, miyezi yochepa dziko lawo litangolandira ufulu, ndipo nkhani imeneyi iyenera kufotokozedwa kwa atsikana athu kuti asadzauzidwe kuti ndodo ndi za anyamata. Anyamata a ku Zambia anathera pa nambala 4 pa masewera a achinyamata a Youth Olympics ku Buenos Aires mu 2018, pa hockey wa anthu asanuasanu. Ku Blantyre kuli bwalo la hockey la kapeti pafupi ndi Kamuzu Stadium, ndipo kuchokera ku Lifidzi, kudzera pa chipata cha Calómuè ndi Dedza, mphunzitsi wa zolimbitsa thupi akhoza kukafikako tsiku lomwelo kukaona mmene anzake amaphunzitsira, nkumalankhula nawo chinenero chimodzi.

Mwana wa mlongo wanga ndinamufufuzira kanema wina pafoni yomweyo, wa timu ya Mozambique itavala zofiira ikuthamanga pa matayala. Anauonera kawiri osalankhula. Madzulo ake ndinamupeza kuseri kwa khola akusema nthambi yokhota ya bulugamu ndi chikwanje cha bambo ake, ndimu yaiwisi ili pambali kudikira kukhala mpira.