Za Kukhazika Mtima Pansi pa Masewera

Ana inu, mu mzinda wa Mzuzu muli malo otchedwa Mzilawaingwe. Dzinali ndi la Chingoni, ndipo tanthauzo lake ndilo njira ya nyalugwe. Nyalugwe ali nazo mphamvu ndi liwiro, koma pofuna kugwira nyama sayamba ndi kuthamanga ayi. Ayamba wabisala, nakhala chete, maso ake ali pa nyama imodzi yokha. Akatswiri a masewera ayeneranso kutero. Alimbitsa thupi, naphunzitsanso mtima kukhala pa chinthu chimodzi.

Taganizani za Mwawi Kumwenda wa ku Mzimba, katswiri wa mpira wa manja. Ntchito imene anatchuka nayo ndiyo kuponya mpira m'mkombero wokhala pamwamba pa mtengo wotalika mamita 3 ndi pang'ono. Lamulo likuti wosewera asasunge mpira koposa masekondi 3. Pa kanthawi kameneko anthu zikwizikwi ali kufuula, ndipo mdani watambasula manja patsogolo pake. Woponya akayamba kukumbukira mpira umene anaphonya kale, kapena kuopa zimene anthu adzanena mawa, dzanja lake linjenjemera, naphonyanso. Mwawi anasankhidwa wosewera woposa onse pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney m'chaka cha 2015. M'chaka cha 2018 anavulala bondo, nakhala miyezi yambiri osasewera. Koma anabwerera, ndipo mu 2020 timu yake ya Melbourne Vixens inatenga chikho cha ku Australia.

Nanga mantha aononga bwanji masewera? Munthu akaopa, mtima wake ugunda msanga, mpweya uchepa, ndipo minofu iuma. Koma akapuma pang'onopang'ono, kugunda kwa mtima kubwerera m'malo mwake, ndipo manja amasuka.

M'chaka cha 1979, munthu wina wa ku America, dzina lake Jon Kabat-Zinn, anayamba kuphunzitsa odwala kusunga maganizo pa chimene chili kuchitika tsopano lino. Pambuyo pake George Mumford anaphunzitsa nzeru yomweyo kwa osewera a timu ya Chicago Bulls, m'masiku amene Michael Jordan anali kusewera kumeneko.

Kachitidwe kake nkosavuta. Khalani pansi, msana uli chilili. Mverani mpweya polowa ndi potuluka m'mphuno mwanu, ndipo werengani kufikira 10. Posachedwa maganizo adzathawira kwina, kapena ku nsima, kapena ku mnzanu amene anakunyozani dzulo. Musadzikalipire, abwezeni bwino, monga mbusa abweza mbuzi yolowa m'munda, nimuyambenso kuwerenga. Kubweza kumeneko ndiko phunziro lenileni. Monga mwendo ulimba ndi kuthamanga tsiku ndi tsiku, chomwechonso maganizo azolowera kubwerera msanga.

Koma musayese kuti kupuma kotere kuchiritsa nthenda zonse za maganizo. Simone Biles wa ku America ndiye katswiri wa masewera odumpha ndi kutembenuka m'mwamba. Pa masewera a Olimpiki ku Tokyo m'chaka cha 2021 analeka mipikisano ingapo, pakuti ali m'mwamba sanathe kuzindikira kumene kuli pansi, ndipo akadapitiriza akadavulala koopsa. Ena anamunena kuti ndi wamantha. Iye ananena poyera za vuto lake, napuma, nalandira thandizo kwa odziwa za maganizo. M'chaka cha 2024 ku Paris anapata mamendulo 3 a golide.

Tsono ngati chisoni kapena mantha akhalitsa mwa inu masiku ambiri, kufikira tulo tisowa ndi chakudya chikanika, musabise. Uzani amayi, atate kapena aphunzitsi anu. Ku Mzuzu kuli chipatala cha St John of God, kumene athandiza odwala maganizo. Nthenda imeneyi ilibe manyazi, monganso bondo lovulala lilibe manyazi.

Ndipo tsiku la mayeso kapena la mpikisano wa liwiro likafika, musanayambe, pumani katatu pang'onopang'ono, nimuyang'ane ntchito imene ili patsogolo panu.

Mafunso

1. Kodi dzina loti Mzilawaingwe litanthauzanji?
2. Mantha achita chiyani m'thupi la wosewera?
3. Maganizo akathawa powerenga mpweya, muyenera kutani?
4. Simone Biles analekeranji mipikisano ku Tokyo?