Ulendo wa pasitima: kodi inshuwalansi n'kutaya ndalama?

Kale Mmalawi akamva za sitima yapamadzi maganizo ake ankathamangira ku Ilala, ija yakhala ikuyenda panyanja ya Malawi kuyambira 1951, kunyamula anthu, matumba a chimanga ndi usipa pakati pa Monkey Bay, Likoma, Nkhata Bay ndi Chilumba.

Koma masiku ano m'mabanja ena mwalowa nkhani ya sitima za mtundu wina, zikuluzikulu ngati tauni yoyandama, zomwe anthu amakwera pongofuna kusangalala. M'sitimamo mumakhala zipinda zogona, malo odyera, madamu osambiramo, mashopu ngakhalenso mabwalo a zisudzo.

Ena mwa okwera ndi makolo omwe aitanidwa ndi ana awo ogwira ntchito ku Joni kuti akapitidweko mphepo. Ena ndi maanja ongokwatirana kumene, enanso ndi anthu omwe angopuma pantchito. Ambiri amakwerera padoko la Durban ku South Africa, pomwe kampani ya MSC imayendetsa maulendo a masiku ochepa opita kumagombe a Mozambique monga Portuguese Island ndi Pomene.

Pogula tikiti m'pomwe pamabuka funso lomwe limagawa banja pawiri: kodi alipirenso inshuwalansi ya paulendo kapena ayi?

Yemwe akutulutsa ndalama amaona ngati akumudyera masuku pamutu. Walipira kale tikiti ya sitima, ya ndege kapena basi, pasipoti, malo ogona ku Durban komanso wagula ndalama zakunja zomwe kupezeka kwake n'kovuta. Kuwonjezeraponso ndalama ina pa chinthu chomwe mwina sichichitika n'komwe, zimamuwawa.

Komatu akuluakulu adati chakudza sichiyimba ng'oma.

Ngozi zomwe zidachitikapo

Inshuwalansi ndi maulendo apanyanja zidakulira limodzi. Cha m'ma 1680, eni sitima ndi amalonda a mumzinda wa London ankakumana panyumba yomwera khofi ya Edward Lloyd kukambirana za katundu wawo yemwe adali panyanja. Anthu andalama ankavomera kulipira katunduyo sitima ikamira, bola mwini wake awapatse kangachepe ulendo usadayambe. Apa m'pomwe padachokera msika wotchuka wa inshuwalansi wa Lloyd's, womwe ulipo mpaka lero.

Kumwera kwa Africa kuno, anthu samaiwala za sitima ya Oceanos. Sitimayi idanyamuka padoko la East London pa 3 August 1991 kulowera ku Durban, koma idakumana ndi mafunde aakulu ndipo madzi adayamba kulowa. Tsiku lotsatira idamira kufupi ndi Coffee Bay.

Chodabwitsa n'choti anthu onse 571 omwe adali m'sitimamo adapulumuka. Oposa 200 adanyamulidwa ndi ndege za helikopita za asilikali a ku South Africa, ena adathawira m'mabwato. Kaputeni wa sitimayo adadzudzulidwa kwambiri kaamba kochoka anthu ambiri akadali momwemo, pomwe oyimba ndi ochita zisudzo ndiwo adatsala n'kumatsogolera ntchito yopulumutsa anthu. Moyo udapulumuka, koma masutikesi ndi katundu wambiri wa okwera adapita pansi pa nyanja.

Pa 13 January 2012 sitima ya Costa Concordia idawomba mwala kufupi ndi chilumba cha Giglio ku Italy ndipo anthu 32 adafa. Mu February 2020, anthu oposa 3,700 adatsekeredwa m'sitima ya Diamond Princess padoko la Yokohama ku Japan kaamba ka Covid-19, ndipo oposa 700 adatenga matendawa.

Ngakhale zili choncho, chilungamo chake n'choti ngozi zoterezi n'zosowa. Anthu mamiliyoni ambiri amakwera sitimazi chaka ndi chaka n'kubwerera kwawo bwinobwino. Munthu wogula inshuwalansi poopa kumira kokha ndiye kuti sadamvetse pomwe pagona nkhani. Zomwe zimagwetsa mabanja m'ngongole ndi zinthu wamba: matenda, kuchedwa panjira ndi kulephera ulendo.

Kudwalira pakati pa nyanja

Sitima yaikulu iliyonse imakhala ndi kachipatala, dokotala ndi anamwino. Komatu si chipatala cha boma ngati cha paboma pomwe munthu amangotenga buku lake n'kukaima pamzere. Chithandizo chake n'cholipira, ndipo pasitima zambiri mitengo imakhala m'madola a ku America kapena ndalama ya euro. Kuonana ndi dokotala, jakisoni, dripu, zonse zimalembedwa pabilu ya wokwerayo ndipo amayenera kulipira asadatsike.

Kwa Mmalawi nkhani ya madola si yamasewera. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Bilu yomwe mzungu wa ku Ulaya angaione ngati yaing'ono itha kukhala malipiro a miyezi ingapo a mphunzitsi wa ku Balaka.

Vuto lalikulu limadza matenda akakula. Kachipatala ka m'sitima kamathandiza pa matenda ang'onoang'ono komanso kumuchirikiza wodwala kuti afike kumtunda, koma sikangachite opaleshoni yaikulu. Munthu akachita sitiroko, mtima ukamuvuta kapena akathyoka chiuno poterereka, amamutsitsa padoko lapafupi kapena kumunyamula pandege. Kenaka sitima imapitiriza ulendo wake.

Apatu wodwala uja watsala m'dziko la eni. Akufunika chipatala cholipira, chomwe kawirikawiri chimafuna chitsimikizo cha malipiro chisadamugoneke. Womudikirira akufunika pogona, chakudya ndi tikiti ina yobwerera. Ngati wodwalayo sangathe kukwera ndege wamba, pamafunika ndege ya ambulansi yomwe mtengo wake umafika madola masauzande ambiri.

Ndipo zinthu zikafika poipa, pamabwera nkhani yomwe Amalawi ambiri amaidziwa bwino: kunyamula maliro. Maboma ambiri m'dziko muno adalandirako bokosi lochokera ku Joni, abale atasonkherana kwa masiku kapena masabata kuti thupi lifike kumudzi. Inshuwalansi yabwino ya paulendo imalipira chipatala, kusamutsa wodwala komanso kubweretsa thupi kwawo.

Omwe ali pasikimu ya zaumoyo kuntchito kwawo asangoganiza kuti khadi lawo ligwira ntchito paliponse. Masikimu ambiri ali ndi malire pa chithandizo cha kunja kwa dziko, ndipo n'kofunika kufunsa ndi kulandira yankho lolembedwa ngati amalipira chithandizo cha m'sitima.

Sitima siyidikira munthu

Basi ya pamsika imadikira mpaka idzadze, ndipo kondakitala atha kuuza dalaivala kuti aime poona munthu akuthamanga ndi katundu. Sitima ilibe zimenezo. Nthawi ikakwana imanyamuka, ndipo wochedwa tikiti yake yapsa.

Kwa munthu wochokera ku Malawi, njira yokafika ku Durban ndi yaitali. Wapandege amayenera kutera ku Johannesburg n'kukweranso ina. Wapabasi amadutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare mpaka pachipata cha Beitbridge, pomwe mizere nthawi ya Khrisimasi imatha kudya tsiku lathunthu. Basi ikawonongeka kapena ndege ikalephereka, ndalama zonse za sitima zalowa m'madzi.

Inshuwalansi zina zimabweza ndalamazi ngati kuchedwako kwadza kaamba ka ndege kapena basi, koma zimafuna kalata yochokera kukampani yonyamula anthuyo. Komabe nzeru yoposa zonse n'kufika ku Durban kutatsala tsiku limodzi kapena awiri.

Palinso nkhani yolephera ulendo usadayambe. Matikiti a sitima amagulidwa kutatsala miyezi, ndipo m'miyezi imeneyo zambiri zimachitika. Mwana atha kugonekedwa m'chipatala, kapena pamudzi patha kugwa zovuta. Pachikhalidwe chathu palibe yemwe angasiye maliro a kholo lake n'kukakwera sitima yokasangalala.

Makampani a sitima amadula ndalama munthu akasintha maganizo, ndipo chilangocho chimakula tsiku lonyamuka likamayandikira. M'masiku omaliza sabweza kanthu. Inshuwalansi imathandiza apa, koma pali pofunika kusamala. Mapepala ake amatchula abale omwe imfa kapena matenda awo amavomerezedwa, monga mkazi, mwamuna, mwana, kholo ndi mbale wobadwa naye. Malume kapena azakhali, omwe kwathu kuno atha kukhala ndiwo adalera munthu, nthawi zina sawerengedwa.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Maulendo ochokera ku Durban amachuluka kuyambira November mpaka April, yomwenso ndi nyengo ya anamondwe m'nyanja ya mchere ya India. Namondwe wa Idai adasakaza mzinda wa Beira mu March 2019, ndipo wa Freddy adadutsa m'Mozambique asadafike kuchigawo cha kumwera kwa Malawi mu March 2023.

Nyanja ikakwiya kaputeni ali ndi mphamvu zosintha njira. Pamalo monga Portuguese Island sitima imaima patali ndipo anthu amapita kumtunda pamabwato ang'onoang'ono. Mafunde akakula satsika n'komwe. Malamulo a patikiti nthawi zambiri amateteza kampani pa zoterezi, ndipo ndi inshuwalansi zina zokha, zopangidwira maulendo a pasitima, zomwe zimapereka kachipukutamisozi.

Safunsa adadya phula

Madandaulo ambiri okhudza inshuwalansi amachokera kwa anthu omwe adasaina mapepala osawerenga. Pali zinthu zomwe pafupifupi kampani iliyonse imakana kulipira.

Choyamba ndi matenda omwe munthu adali nawo kale, monga shuga, kuthamanga kwa magazi kapena vuto la mtima. Kubisa matendawa pofuna kuti mtengo utsike n'kudzinamiza. Tsiku lodwala kampani imafufuza mbiri ya kuchipatala, ndipo ikapeza kuti munthu adabisa imakana kulipira. N'kwabwino kuulula, kulipira mowonjezera, n'kukhala ndi pepala logwira ntchito. Izi zikukhudza kwambiri ana omwe akugulira ulendo makolo okalamba, chifukwa makampani ena alinso ndi malire a zaka.

Chachiwiri ndi mowa. M'sitimamu zakumwa zimakhala mbwee, koma munthu akavulala ataledzera kampani itha kusamba m'manja. Chimodzimodzinso masewero oopsa a pamadzi omwe sadatchulidwe papepala.

Chachitatu ndi vuto lomwe ladziwika kale. Munthu sangadikire kumva pawailesi kuti kukubwera namondwe kapena kuti mayi ake agonekedwa, ndiye n'kuthamangira kukagula inshuwalansi. Nthawi yabwino yogula ndi tsiku lomwe walipira ndalama yoyamba ya tikiti.

Amayi oyembekezera nawo adziwe kuti makampani ambiri a sitima salola mayi yemwe mimba yake ifike masabata 24 ali paulendo, ndipo wobwezedwa padoko pachifukwa chimenechi asayembekezere kuti inshuwalansi imubwezera ndalama.

Palinso gawo lomwe wogula amalipira yekha pavuto lililonse kampani isadayambe kulipira. Foni yotchipa ikasowa, mwina mtengo wake sungapose gawo limeneli.

Ndani agule, ndani asiye?

Kwa ena funsoli lidayankhidwa kale ndi lamulo. Mmalawi wofuna kukwera sitima ya ku Italy, Spain kapena Greece amafunika visa ya Schengen, ndipo visa imeneyi siyiperekedwa popanda inshuwalansi ya zaumoyo yosachepera 30,000 euro.

Makampani ena a sitima amaphatikiza inshuwalansi pamtengo wa tikiti. Wogula afunse kuti ikulipira zinthu ziti, mpaka ndalama zingati, komanso ngati ikugwira ntchito kwa munthu yemwe sakhala m'dziko lomwe tikitiyo yagulidwa. Afunsenso ngati ikuyambira pakhomo pake ku Malawi kapena padoko pokha. Makadi ena a kubanki nawo amabwera ndi inshuwalansi ya paulendo tikiti ikagulidwa ndi khadilo, ndiye palibe chifukwa cholipira kawiri chinthu chimodzi.

Wachinyamata wathanzi yemwe akukhala ku Durban komweko, ndipo wagula tikiti yotchipa ya masiku atatu, atha kusankha kusateteza ndalama ya tikitiyo chifukwa ataitaya sangagwe nayo. Koma mbali ya chipatala ndi kusamutsa wodwala ndiye palibe woyenera kuisiya, kaya ndi mwana kaya ndi gogo.

Muyeso wake ndi wosavuta. Banja lidzifunse kuti, zitavuta, ndalama yomwe ingafunike lingaipeze osagulitsa nyumba, ng'ombe kapena munda? Sutikesi yotayika banja litha kuiiwala. Bilu ya chipatala cha kunja ndi ndege ya ambulansi ndi ngongole yomwe itha kutsala ndi ana.

Wogulira m'dziko muno aonetsetse kuti kampani kapena wothandizira kugula inshuwalansiyo ali ndi chilolezo chochokera kwa mlembi wa mabungwe azachuma kubanki yaikulu ya Reserve. Ofesi yomweyi ndiyo imalandira madandaulo kampani ikakana kulipira popanda chifukwa chomveka.

Ponyamuka, pepala la inshuwalansi ndi nambala ya foni yoimba pangozi zikhale m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi pasipoti ndi mankhwala, osati m'sutikesi. Pepala lina lisiyidwe kwa wachibale kumudzi. Vuto likagwa, kampani iyenera kudziwitsidwa msanga chifukwa zambiri zimafuna kuvomereza kaye chithandizo chokwera mtengo. Malisiti onse, kalata ya dokotala ndi lipoti la apolisi kapena la oyang'anira sitima zisungidwe bwino, chifukwa popanda umboni kampani siyitulutsa tambala.

Ambiri omwe amagula inshuwalansiyi amabwerera kwawo osaigwiritsa ntchito, ndipo ena amadandaula kuti ndalama yawo yapita pachabe. Komatu amenewo ndiwo amwayi, chifukwa ulendo wawo wayenda bwino. Mlimi yemwe wamanga nkhokwe yake pamiyala sadandaula kuti chaka chimenecho chiswe sichidabwere.