Jau si jowar: mayina a mbewu amene angaluzitse wamalonda

Wamalonda wa pa Songani amene amapita ndi mbewu ku Zomba kapena ku Limbe amakumana ndi zinenero zingapo pa malonda amodzi. Mtengo amanenerera m'Chichewa, lisiti limalembedwa m'Chingerezi, koma dzina la mbewu nthawi zina limatuluka m'Chiurdu. Apa ndi pamene ndalama ingathawire. Pali mawu atatu omveka mofanana, jau, jai ndi jowar, koma pa atatuwa ndi limodzi lokha limene limatchula mbewu yolimidwa kuchigwa cha nyanja ya Chilwa.

Jau ndi mbewu imene Angerezi amati barley. Owerenga Baibulo amaidziwa ndi dzina loti barele. Njere yake ndi yaitali, yosongoka mbali zonse ziwiri, ili ndi kamzere pamimba, ndipo ikakhala yosapuntha imafanana pang'ono ndi mpunga wa makoko. Barele amakonda nyengo yozizira. Ku Pakistan ndi ku India amamudzala pakati pa Okutobala ndi Disembala n'kukolola cha mu Malichi ndi Epulo. Mu Africa muno amalimidwa kwambiri ku Ethiopia ndi ku Morocco. Kuchigwa kotentha kwa Chilwa barele salimidwa, choncho amene amapezeka m'mashopu a m'tauni amakhala wa m'mapaketi, wochokera kunja. Mabanja ena amamuthira mu haleem, chakudya cha nyama, tirigu ndi mbewu za mtundu wa nyemba chimene chimaphikidwa kwambiri m'mwezi wa Ramadan. Opanga mowa wa m'mabotolo amagwiritsa ntchito chimera cha barele, chimene m'Chingerezi amati malt.

Jai ndi mbewu ina, ya phala la m'mapaketi lija lolembedwa kuti oats. Nayonso sipezeka m'minda ya kuno. Jowar ndiye mapira, omwe m'Chingerezi ndi sorghum. Njere yake ndi yobulungira, yoyera kapena yofiira, ndipo aliyense pamsika wa Songani amaidziwa.

Ngozi yake ndi yosavuta kuiona. Wogula wa ku Limbe aimba foni kufuna jau, venda amva jowar, asonkhanitsa mapira m'midzi, alipira galimoto, akafika amuuza kuti si zimenezi. Ndalama ya thiransipoti yapita ndipo katundu agulitsidwa motaya. Zingathenso kutembenuka: wogula akufuna jowar, venda ayankha kuti alibe chifukwa sadamvepo dzinalo, chikhalirecho matumba a mapira ali m'nyumba. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Mawuwa sadayambe lero kumveka m'misika yathu. Amalonda ochokera ku India adayamba kufika m'dziko muno chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ambiri kuchokera kudera la Gujarat. M'zaka za m'ma 1970 boma lidawalamula kuchoka m'madera a kumidzi n'kukachitira malonda m'mizinda monga Blantyre, Lilongwe ndi Zomba, ndipo magolosale a kumidzi adatsala m'manja mwa eni dera. Mabanja akalewa ambiri amalankhula Chigujarati kapena Chimemoni, pomwe obwera posachedwa kuchokera ku Pakistan amalankhula Chiurdu. Mwayi wake ndi woti mayina a mbewu m'zinenerozi ndi apachibale. Barele m'Chigujarati ndi jav, mapira ndi juvar. Ngakhale dzina loti tchana, limene Amalawi amalitenga ngati lawo, lidachokera ku liwu lawo loti chana.

Chiurdu chimalembedwa ndi zilembo zofanana ndi za Chiarabu, kuyambira kumanja kupita kumanzere. Amene adapitako ku madrasa, omwe pa Songani ndi ambiri, angathe kuzindikira liwu la jau pa paketi: lili ndi zilembo ziwiri zokha, jim ndi waw. Jowar limayamba ndi zilembo zomwezo koma limawonjezera alif ndi ra.

Mbewu zina zofunika kuzidziwa ndi izi. Chimanga ndi makai. Tirigu ndi gandum kapena gehun. Machewere ndi bajra. Mawere ogula ambiri amawatchula ragi, dzina lochokera kumwera kwa India. Khobwe ndi lobia, mphodza ndi moong, mtedza ndi moongphali, chitowe ndi til.

Chingerezi nachonso chili ndi misampha yake. Liwu loti millet limaphatikiza mbewu ziwiri: mawere ndi finger millet, machewere ndi pearl millet. Ndiye pali pearl barley, amene ndi barele wopuntha n'kusalazidwa mpaka kuyera. Pearl millet ndi pearl barley ndi zinthu zosiyana kotheratu ngakhale mayina ake amayamba mofanana. Liwu loti gram pa pepala la oda silitanthauza kulemera nthawi zonse: red gram ndi nandolo, green gram ndi mphodza, Bengal gram ndi tchana.

Kwa ogulitsa mpunga wa ku masikimu a Domasi ndi Likangala, mawu awiri ofunika kwambiri ndi dhaan ndi chawal. Dhaan ndi mpunga wa makoko, umene m'Chingerezi ndi paddy. Chawal ndi mpunga wopuntha. Makilogalamu 100 a mpunga wa makoko akapita kuchigayo amatulutsa pakati pa makilogalamu 60 ndi 70 a mpunga woyera, malinga ndi kaumidwe kake ndi chigayocho. Venda amene wagwirizana mtengo poganiza za Kilombero kapena Faya wa makoko, pomwe wogula akunena wopuntha, wadziluza yekha pafupifupi thumba limodzi pa atatu alionse, osawerengera ndalama ya chigayo.

Kusiyana komweku kulipo pa mbewu zina. Dal ndi mbewu ya mtundu wa nyemba yochotsa khungu n'kuphwanya pawiri, monga momwe amayi amachitira pokonza chipere. Atta ndi ufa wa tirigu wosachotsa gaga, maida ndi ufa woyera wa mandasi, besan ndi ufa wa tchana. Dzina la mbewu likhoza kukhala limodzi, koma yathunthu, yophwanya ndi yogaya ili ndi mitengo itatu.

Pa nandolo ndi pamene mayinawa amakhudza thumba la pafupifupi aliyense m'chigawo cha kummwera. Nandolo wambiri wa kuno amathera ku India, kumene amamutchula tur, toor kapena arhar. Mu 2017 dziko la India lidaika malire pa nandolo wolowa kuchokera kunja, ndipo mitengo idagwa kwambiri kuno, alimi ndi mavenda ambiri n'kutsala ndi matumba opanda msika. Mu 2021 Malawi ndi India adasainirana mgwirizano wolola matani 50,000 a nandolo pachaka kwa zaka zisanu. Wamalonda amene ali ndi foni ya intaneti angathe kutsatira nkhani zotere zisanafike pamsika, koma akuyenera kufufuza ndi mawu oti tur kapena arhar, chifukwa ndi amene nyuzipepala za kumeneko zimagwiritsa ntchito.

Muyeso nawo umafunika kuumvetsa. Kuno thumba ndi la makilogalamu 50. Ku Pakistan mbewu zimawerengedwa m'ma man, omwe m'Chingerezi amalemba maund, ndipo man imodzi masiku ano ndi makilogalamu 40. Ku India amakonda quintal, yomwe ndi makilogalamu 100. Oda ya ma man 50 ndi makilogalamu 2,000, kapena kuti matumba 40. Venda amene wamva ngati matumba 50 akapereka makilogalamu 500 aulere. Mtengo wa pa intaneti wolembedwa pa quintal uyenera kugawidwa ndi 100 kuti upereke mtengo wa kilogalamu imodzi, kenaka n'kusinthidwa kuchoka ku rupee kupita ku kwacha.

Njira yodzitetezera siifuna sukulu. Oda ikabwera pa foni, wamalonda apemphe chithunzi cha mbewuyo pa WhatsApp, kapena atumize chake. Asanalipire galimoto, apite kaye ndi sampulo ya m'kapepala kuti wogula aione ndi kuigwira. Pa pepala la mgwirizano palembedwe zinthu zinayi: dzina la mbewu m'Chichewa ndi m'chinenero cha wogula, ngati ndi ya makoko kapena yopuntha, kulemera kwake m'makilogalamu, ndi mtengo wa kilogalamu imodzi. Poyeza, sikelo ikhale yodindidwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards.

Pomaliza, mwezi wa Ramadan ukamayandikira tchana, mphodza ndi mpunga wabwino zimafunidwa kwambiri m'tauni. Amene angafike pakhomo la shopu n'kunena kuti ali ndi chana, moong ndi chawal amamveka msanga, ndipo wogula amadziwa kuti akulankhula ndi munthu wodziwa katundu wake. Koma akafunsidwa jau, ayankhe mosabisa kuti ku Chilwa kulibe, ndipo afunse ngati jowar angachite.